Nakhon Phanom, Tauni Yoyang'ana Tsidya Lina

Lamulungu

Ndafika bwino, abale. Basi inanyamuka pa depoti ya Mo Chit ku Bangkok dzulo usiku, ndipo yatitula kuno ku Nakhon Phanom, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, kukungocha kumene, miyendo itachita dzanzi. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 740. Sitima siifika kuno mpaka lero, njanji yochokera ku Ban Phai akuiyala kumene. Sukulu imene ndimaphunzitsa yatsekera tchuthi cha Okutobala, ndiye ndati sabata ino ndiithere m'mphepete mwa mtsinje wa Mekong, ndidzionere ndekha mabwato amoto amene anzanga akhala akundisimbira.

Nditangoponya chikwama m'chipinda ndinatsetsereka kumtsinje. Mvula yangoleka kumene, choncho madzi ndi odzaza, ofiirira ngati tiyi wamkaka, akuyenda mwakachetechete koma mwamphamvu, atasenza zitsa ndi nsungwi. Kukula kwake, Shire wa pa Liwonde angalowemo kangapo. Tsidya linalo ndi tauni ya Thakhek, m'dziko la Laos, ndipo kuseri kwake kwandanda mapiri amiyala osongoka ngati mano a macheka, nkhungu itawamanga m'chiuno.

Dzina loti Nakhon Phanom limatanthauza mzinda wa mapiri, ndipo analipereka ndi mfumu Rama I. Koma mukafulatira mtsinje n'kuyang'ana kumtunda, phiri simuliona, ndi minda ya mpunga yokhayokha. Mapiri onse a dzinalo ali tsidya lina, m'dziko la eni. Kale magombe awiriwa anali a anthu amodzi ndipo mtsinje unali msewu wawo. Mu 1893 Afalansa analowetsa sitima zankhondo mpaka ku Bangkok, dziko la Siam, limene lero ndi Thailand, n'kukakamizika kusiya gombe lakum'mawa. Kuyambira pamenepo mtsinje unasanduka malire.

Izi sizinandivute kumvetsa. Ine ndinakulira pa Lizulu ku Ntcheu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, ukaoloka phula uli ku Mozambique, koma maliro timalira limodzi ndipo kachewere timagulitsa pamsika umodzi. Kunonso anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula Chilao ndipo amadya mpunga womata ndi manja, kuumba mbamu ngati nsima.

Madzulo ndinatsata msewu wa Sunthon Wichit umene umayenda ndi gombe. Pamphambano ina, pakati pa ootcha nyama ndi ogulitsa zovala, pali nsanja ya wotchi, yosatalika kwenikweni. Inamangidwa mu 1960, chaka chimene kuno amachiwerenga kuti 2503 poti kalendala yawo ili patsogolo ndi zaka 543. Palembedwa mawu m'Chithai ndi m'Chivietnam onena kuti ichi ndi chikumbutso chimene Avietnam anasiya pobwerera kwawo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Anthu othawa nkhondo, potsanzika, kusonkherana ndalama n'kuwamangira eni mudzi wotchi! Mawa ndifunsa bwino.

Lolemba

Mayi wa nyumba imene ndikugona anandilozera kakantini kena kuseri kwa msika. Ndinadya khao piak sen, tizingwe tonenepa ta ufa wa mpunga mumsuzi wotentha wa nkhumba, pamwamba atawaza anyezi wokazinga, ndi kabuledi kotalika kachifalansa kothira soseji. Pakhomo panakhala agogo aakazi akusenda adyo m'lichero. Ndinaphatikiza manja pachifuwa n'kuwapatsa moni, "Sawatdi kha, yai." Yai ndiye kuti agogo aakazi m'Chithai. Atamva kuti ndine mphunzitsi anayamba kunditchula khru, ndipo mdzukulu wawo, amene amawaitana bà mwa Chivietnam, anakoka mpando kuti atithandize pamene Chithai changa chaperewera.

Agogowa anabadwira ku Thakhek. Nthawi ya atsamunda, Afalansa anabweretsa Avietnam ambiri ku Laos kudzagwira ukalaliki, zomangamanga ndi migodi, moti ambiri mwa okhala mu Thakhek anali Avietnam. Japan itagonja mu 1945, Alao ndi Avietnam ofuna ufulu anatenga matauni a m'mbali mwa mtsinje. Afalansa anabwerera ndi mfuti ndi ndege, ndipo pa 21 Malichi 1946 analanda Thakhek. Tsiku limenelo anthu anathamangira kumtsinje, ena m'mabwato, ena atakumbatira mitengo ya nthochi, ndege zikuwombera pamadzi. Ambiri anathera momwemo. Kalonga Souphanouvong, amene anadzakhala pulezidenti wa Laos mu 1975, anavulazidwa akuoloka pomwepa.

Yai anali ndi zaka zisanu. Akuti chimene amakumbukira ndi dzanja la amayi awo litawakanikiza mutu pansi pa bwato, ndi madzi a m'bwatomo akuwalowa m'kamwa. Pondiuza izi sanasiye kusenda adyo.

Chaka chimenecho Avietnam pafupifupi 50,000 anaolokera ku Thailand m'madooko osiyanasiyana a Mekong. Boma la Thailand la nduna yaikulu Pridi Banomyong linawalandira ndi manja awiri. Koma asilikali atalanda boma mu 1947, ndipo mkulu wa asilikali Phibun atabwerera pampando wa nduna yaikulu chaka chotsatira, mphepo inatembenuka. Anthu aja anayamba kuonedwa ngati akazitape a chikomyunizimu. Anawatsekera m'zigawo zochepa, ndipo kuti munthu atuluke m'boma lake ankayenera kukapempha chilolezo. Malo olima sankaloledwa kugula. Ndiye anatani? Anagwira zimene manja angathe. Anakhala matelala, amakanika, akalipentala, okonza mawotchi, ojambula zithunzi, ophika. Mashopu akale a nsanjika imodzi amene ndinawadutsa dzulo, apansi malonda apamwamba pogona, ambiri anadzuka ndi thukuta la anthu amenewa. Tauni ino inaphunzira malonda kwa anthu amene inkawakana chitupa.

Mu 1959 mabungwe a Red Cross a Thailand ndi North Vietnam anagwirizana ku Rangoon kuti ofuna kubwerera abwerere. Kuyambira 1960 sitima zapamadzi zinkanyamuka ku Bangkok kupita ku Haiphong, doko la ku North Vietnam, ndipo anthu oposa 40,000 anapita. Wotchi ija ndi ya nthawi imeneyo. Banja la yai linalembetsa. Mchimwene wawo wamkulu anatsogola, otsalawo anagulitsa makina osokera ndi mipando n'kumadikira ulendo wawo, katundu ali m'mabokosi. Mu 1964 nkhondo inakula ku Vietnam ndipo sitima zinaleka. Anamasulanso mabokosi aja. Unzika wa Thailand anadzaupeza atakhala kale ndi adzukulu, poti boma linayamba kufewetsa malamulowa m'zaka za m'ma 1990.

Ndikubwerera kunyumba mtima unali kwathu. Kuyambira 1986 anthu a ku Angonia anadzaza m'midzi mwathu kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ndipo dziko lonse linasunga oposa miliyoni imodzi. Mayi wina ankagona m'khitchini mwathu ndi ana ake atatu. Mtendere utabwera, tsiku lonyamuka anagubuduza mtondo wake n'kuuimika pakhomo pa amayi anga, osanena zambiri. Mtondowo ulipobe. Ndikuganiza kuti wotchi ija ndi mtondo womwewo.

Lachiwiri

Lero ndinachita hayala njinga yamoto ya matayala atatu, imene kuno amaitcha skylab. Woyendetsa ndi bambo wa imvi, ndipo ndinkawaitana lung, ulemu umene umaperekedwa kwa mwamuna wamkulu kuposa bambo ako. Tinatenga msewu wa nambala 22 wolowera ku Sakon Nakhon.

Makilomita ochepa kuchoka m'tauni tinakhotera ku Ban Na Chok, mudzi wa Avietnam amene anabwera kale nkhondo ya 1946 isanachitike. Kumeneko kuli kanyumba kamatabwa kosonyeza pamene Ho Chi Minh, amene anadzakhala mtsogoleri wa North Vietnam, ankakhala mobisala cha mu 1928 ndi 1929, akudzitcha Thau Chin. M'katimo muli bedi lathabwa, tebulo ndi nyali. Panja pali mitengo ya kokonati imene amati anabzala yekha. Sindinakhalitse.

Tinabwerera pamsewu waukulu n'kupitirira mpaka pa bwalo la ndege. Lero ndi bwalo laling'ono, ndege zochepa za ku Bangkok patsiku, udzu ndi ng'ombe m'mbali. Koma bwalo limeneli ndi limene linasandutsa tauni ino. Asilikali omanga a ku America anayamba kugwetsa nkhalango pano mu 1962, ndipo pofika 1963 msewu wa ndege unali utayalidwa ndi zitsulo zoboolaboola zolumikizana. Unakhala msasa wa America woyandikana kwambiri ndi Laos. Ankautcha NKP. Kuchokera pano kunkanyamuka ndege za mapiko ozungulira kutsogolo zotchedwa Skyraider, ndi mahelikoputala okatola oyendetsa ndege amene agwetsedwa kuseri kwa mapiri aja.

Chimene chinandizizira nkhongono ndi nyumba ina yopanda mawindo imene inali pamsasapo. Ndege zinkamwaza tizipangizo tomva phokoso ndi kugwedezeka kwa nthaka m'njira ya m'nkhalango imene North Vietnam inkadutsitsamo zida ndi chakudya, ija ya dzina la Ho Chi Minh. Tizipangizoto tikamva lole, uthenga unkafika m'nyumba imeneyi pa makompyuta a IBM, ndipo anthu okhala m'chipinda chozizira ankauza ndege pokaponya mabomba. Ntchitoyi inkatchedwa Igloo White. Pakati pa 1964 ndi 1973 dziko la Laos linalandira mabomba oposa matani 2 miliyoni, ndipo ena sanaphulike. Mpaka lero alimi a m'chigawo cha Khammouane, chija ndimachiona m'mawa uliwonse tsidya lina, amawatema ndi khasu.

Lung anali mnyamata nthawi imeneyo. Ankapukuta nsapato pageti, kenaka anapeza ganyu yochapa zovala za asilikali. Akuti ndalama ya sabata imodzi inkaposa imene bambo awo ankapeza pa mpunga wa miyezi ingapo. Anthu anakhamukira kuno kuchoka m'midzi yonse. Kunabadwa mabala, mahotela, nyumba za kanema, njinga zakabaza za matayala atatu, matelala osoka masuti tsiku limodzi. Asilikali masauzande amafuna kudya, kumwa ndi kuchapiridwa. Kunabadwanso mawu owawa oti mia chao, mkazi wobwereka, ndi ana ambiri amene atate awo anakwera ndege osabweranso. Ena mwa matelala osokera asilikaliwo anali Avietnam omwe aja, abale awo ali pansi pa mabomba. Yai anandiuza dzulo kuti usiku ankamva kugunda kuseri kwa mapiri ngati mabingu a mvula yoyamba, mawindo n'kumanjenjemera, m'mawa n'kutsegula shopu.

Ndinafunsa lung ngati inali nthawi yabwino. Anazimitsa injini kaye. Anati mimba inkakhuta, koma azakhali awo anali tsidya lina, ndipo palibe ankadziwa ngati ali moyo. Aamerika anachoka kumayambiriro kwa 1976. Mabala anatsekedwa, ambiri anapita kukasaka ntchito ku Bangkok ndi ku maiko a Aarabu, koma misewu, magetsi ndi bwalo zinatsala.

Sindikufuna kunamizira kuti chitukuko chimenecho chinali chabodza. Chinali chenicheni, ana anaphunzira nacho sukulu. Koma amene analipira mtengo wake ndi anthu a tsidya lija, olankhula chilankhulo chomwechi, ndipo zimenezi zandikhala pamtima tsiku lonse.

Lachitatu

M'mawa ndinalowa m'nyumba yakale ya bwanamkubwa, yachikasu, yoyang'ana kumtsinje, imene tsopano ndi yosungiramo zakale. Mfumu Bhumibol ndi mfumukazi Sirikit anagona m'menemo mu Novembala 1955 pa ulendo wawo woyamba woyendera dera la Isan, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand kuno. Pa ulendo umenewo ndi pamene panajambulidwa chithunzi chimene Mthai aliyense amachidziwa. Gogo Tum Chanthanit, wa zaka 102, anadikira m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa atagwira maluwa atatu a m'madzi, mpaka anafota ndi dzuwa, ndipo mfumu inawerama kwambiri kuti iwalandire. Pa zithunzi za m'nyumbamo ndinayang'anitsitsa kumbuyo kwa anthu. Misewu ndi yafumbi, nyumba zamatabwa, anthu ambiri osavala nsapato. Bangkok inali kutali ngati dziko lina.

Ndinakwera songthaew, pikapu ya mabenchi awiri kumbuyo, matola akuno, kupita ku That Phanom, makilomita pafupifupi 50 kummwera. Msewu ndi wosalala, ukutsata mtsinje, m'mbali minda ya fodya ikukonzedwa ndi mpunga ukuyamba kucha. Misewu imeneyi ilinso ndi mbiri yake. Sarit Thanarat, msilikali amene analamulira kuyambira 1959 mpaka 1963, anakulira ku Mukdahan, imene nthawiyo inali mbali ya chigawo chino. Ndi iye anayambitsa pulani yoyamba ya chitukuko mu 1961, ndipo anthu ankaloweza mawu ake oti madzi ayende, magetsi awale, misewu ikhale yabwino, ntchito ipezeke. Koma anali wankhanza kwa otsutsa, ndipo m'midzi ya kuno munali mkwiyo wa umphawi ndi kunyozedwa. Pa 7 Ogasiti 1965, m'mudzi wa Na Bua kufupi ndi Renu Nakhon, zigawenga za chipani cha chikomyunizimu zinawomberana koyamba ndi apolisi. Tsikulo amalitcha tsiku limene mfuti inalira. Boma ndi Aamerika anafulumiza kulambula misewu yolowa m'midzi, kuti feteleza afike, komanso kuti malole a asilikali afike. Nkhondo ya m'mapiri a Phu Phan inazirala pambuyo pa 1980, boma litakhululukira otuluka m'nkhalango.

That Phanom ndi nsanja yopatulika, yoyera ndi golide, yotalika mamita oposa 50. Abuda amakhulupirira kuti muli fupa la pachifuwa la Buddha, ndipo Alao a mbali zonse za mtsinje amaitenga ngati mtima wawo. Ndinavula nsapato n'kuzungulira katatu pambuyo pa amayi ena onyamula maluwa, matailosi akuotcha kumapazi. Pa 11 Ogasiti 1975, mvula itagwa masiku angapo, nsanja yakale inagwa yonse madzulo. Chinali chaka chomwe Phnom Penh ndi Saigon, malikulu a Cambodia ndi South Vietnam, zinagwa m'manja mwa achikomyunizimu mu Epulo, ndipo mu Disembala ufumu wa Laos unatha. Anthu anati ndi malodza. Anaimanganso n'kuimaliza mu 1979, pamene mtsinje unali utadzazanso ndi othawa, ulendo uno Alao, oolokera usiku kupita kumsasa wa Ban Napho.

Lachinayi

Lero ndi Ok Phansa, kutha kwa miyezi itatu imene amonke amakhala m'kachisi osayenda nthawi ya mvula. M'tauni mwenimweni muno anthu sakwana 30,000, koma lero poponda palibe.

Masana ndinapita kumtunda kwa gombe kumene akumalizitsa mabwato. Si mabwato enieni. Ndi zimphona za nsungwi zomangidwa pamwamba pa migolo yoyandama, zazitali ngati nyumba ya nsanjika zingapo, ndipo boma lililonse la m'chigawo chino limamanga lake kuti lipikisane. Anyamata anali pamwamba opanda nsapato, akukoleka tizitini pa mawaya. Nditatola kamodzi ndinaseka ndi chimwemwe, chifukwa ndi koloboyi weniweni! Kachitini ka khofi, mafuta a dizilo, chingwe cha nsanza. Koloboyi yemwe ndinawerengera mayeso a Sitandade 8. Bwato limodzi limanyamula tizitini masauzandemasauzande, ndipo kalikonse kamayatsidwa ndi munthu, ndi muuni, ali lende pansungwi pakati pa mtsinje.

Kutada, mwezi uli wathunthu pamwamba pa mapiri a Laos, bwato loyamba linatulukira. Pamdima panaoneka That Phanom yamoto, njoka ya m'madzi ija amaitcha naga, ndi nkhope ya mfumu, zonse zojambulidwa ndi malawi, zikutsetsereka pang'onopang'ono, chithunzi chake chikuvina m'madzi. Utsi wa dizilo unatifika m'maso. Khamu lonse linangoti "Ooo!" nthawi imodzi. Yai anabwera pa njinga ya olumala, mdzukulu akukankha, ndipo anandigwira dzanja kuti ndisasochere m'chipwirikiti. Tsidya lina magetsi a Thakhek ankaoneka, ndipo kumenekonso anthu anali atandanda pagombe kuonerera. Pamadzi amenewa ndi pamene amayi awo anawakanikiza mutu m'bwato. Anaonerera mabwato onse mpaka lomaliza, osalankhula, dzanja langa ali chigwirire.

Lachisanu

M'mawa lung ananditengera kumpoto kukaona mlatho. Unatsegulidwa pa 11 Novembala 2011, ndi wotalika mamita 1,423, wachitatu mwa milatho yolumikiza Thailand ndi Laos. Malole a zipatso anali pamzere, ulendo wodutsa Laos kupita ku Vietnam ndi China, kudzera m'mapiri omwe aja ankaphulitsidwa. Ine ndilibe chitupa cholowera ku Laos pa ulendo uno, ndiye ndinangoima pansi pake n'kumaona basi ya ku Thakhek ikukwera, amayi atanyamula majumbo a kumsika.

Ndinadzera kukantini kukatsanzika. Yai anali atandikonzera kale phukusi la naem nueang, nyama yootcha, masamba ndi timapepala ta mpunga tokulungira, msuzi uli m'kajumbo komanga ndi labala. Ndalama anakana. Ndinawapatsa chitenje chimene ndinali nacho m'chikwama, ndipo anachiyala pamiyendo n'kufunsa mdzukulu wawo kuti Malawi ali mbali iti. Mtsikanayo anayang'ana pafoni n'kuloza kumadzulo, kufulatira mtsinje.

Basi ya ku Bangkok inyamuka 6 koloko. Ndikulemba izi nditakhala pabenchi moyang'anana ndi wotchi ija, ndipo ikuti kwatsala mphindi 40.